MADZI SAIWALA KHWAWA: ULENDO WA AWIRI KU MABWINJA A KUNYANJA

Amayi anzanga, kodi mudayenda liti komaliza ulendo wa inu awiri ndi amuna anu, wosakhala wa maliro kapena wa kuchipatala? Funso limeneli ndidafunsa amayi a gulu lathu kuno ku Nsungwi, ndipo ambiri adangoseka. Inenso ndidaseka nawo, koma mumtima ndidadziwa kuti m'nyumba mwanga mudazizira kalekale. Sitinkakangana ayi, koma nkhani zathu zidatsala za fizi, lendi ndi ndiwo basi.

Tsono italowa nthawi yanga yolandira chipeleganyu, ndidagula chimanga, ndipo zotsala ndidaziyika m'manja mwa bambo a kunyumba. Ndidati, "Bambo, mukatenga tchuthi tikaoneko kumene tidayambira banja." Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adavomera. M'mwezi wa Ogasiti tidasiyira ana mng'ono wanga, tidakwera basi, ndipo tidatsika phiri la Golomoti kulunjika ku Monkey Bay.

Tidayamba taima pa boma la Mangochi, limene kale linkatchedwa Fort Johnston. Mukafika pafupi ndi mlatho wa pa Shire mudzaona nsanja ya wotchi yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria amene adamwalira m'chaka cha 1901. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Paliponso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya m'chaka cha 1946. Pamalo amenewa ndi pamene bambo ankandidikira masiku a chibwenzi, koma nthawi imeneyo sitidawerengepo ndi liwu limodzi lomwe. Maso athu adali kwina!

M'mawa mwake tidapita ku Cape Maclear, kumudzi kwa Chembe. Kumeneko, m'kati mwa nkhalango yotetezedwa imene boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1980, muli bwinja la mishoni yoyamba ya Livingstonia. Amishoni a ku Scotland adafika pamenepo mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pao padali Dotolo Robert Laws. Malowo adawakomera m'maso, koma malungo adawasautsa koopsa. Dotolo William Black adamwalira m'chaka cha 1877, ndipo ena adamtsatira. Patapita zaka zoposa zisanu adali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. M'chaka cha 1881 adasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 adakwera phiri la Khondowe, kumene Livingstonia ili mpaka lero. Chimene mudzapeze ku Cape Maclear ndi manda ochepa m'tsinde mwa phiri, m'kati mwa mitengo ndi miyala.

Taganizani, amayi anzanga. Wodutsa pa manda amenewo angati ntchito ya anthu aja idathera pomwepo. Koma sukulu, zipatala ndi mipingo yambiri ya kumpoto idaphuka kuchokera pa bwinja lomwelo.

Tili chiimire pamenepo, bambo adalankhula motsitsa mawu. Adati, "Mayi, malungo omwewa ndi amene adatilanda chisamba chathu." Ndidanjenjemera, pakuti padali patapita zaka makumi awiri asanatchulepo mwana ameneyo. Adatisiya ali ndi zaka ziwiri, tikukhala m'kanyumba ka lendi pafupi ndi Monkey Bay, ine ndikugulitsa usipa. Titasamukira ku Lilongwe, aliyense adasunga chisoni chake payekha, poopa kukanda bala la mnzake.

Madzulo ake tidafunafuna kanyumba kaja. Tidapeza maziko okha, ndi mtengo wa mango umene ndidadzala ndi manja anga, tsopano ukupereka mthunzi kwa ana a eni. Tidapita kwa amfumu kukapempha njira, pakuti kumanda salowa mwachisawawa, ndipo adatipatsa anyamata awiri otiperekeza. Tidalambula pamtumbira, tidapemphera, ndipo tidalira pamodzi kwa nthawi yoyamba. Usiku umenewo tidacheza mpaka tambala woyamba.

Sindikunena kuti ulendo ndi mankhwala a mavuto onse a m'banja. Pamene pali nkhanza kapena chiwerewere, pitani kwa ankhoswe ndi kwa oweruza. Koma pamene pali kuzizira chabe, kubwerera kumene mudayambira kumathandiza, chifukwa mumakumbuka kuti musanakhale mayi ndi bambo a ana mudali anthu awiri okondana.

Musati zimenezi n'za azungu kapena za olemera. Inu a ku Dedza muli ndi zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wake m'chaka cha 2006, ndiponso mishoni ya Mua ya m'chaka cha 1902. A ku Nkhotakota muli ndi mtengo umene David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe. Ngakhale sukulu imene mudaonanako koyamba, kapena bwinja la agogo anu, n'zokwana.

Sungani ndalama pang'onopang'ono, ndipo musakongole katapila chifukwa cha ulendo. Sankhani nyengo ya chilimwe, mutatha kukolola. Tengani kamba wa m'njira, ndalama yolowera m'nkhalango yotetezedwa, ndi kangachepe kopereka kwa amfumu. Koposa zonse musaiwale neti ya udzudzu, pakuti malungo a kunyanja sadathe. Ndipo mukafika pamalopo musafulumire kulankhula. Amuna ambiri mawu ao amachedwa kutuluka, apatseni mpata.

Sabata yatha bambo adandifunsa ngati chaka chamawa tingakaone ku Bandawe. Ndayamba kale kusunga.