Kodi Galimoto Ingawoloke Madzi Akuya Bwanji?

Ndi nthawi ya dzinja. Mwakwera galimoto ya matola ku Chisepo, mukupita ku Mponela kukagula feteleza. Pofika pa kamtsinje mwapeza madzi akuyenda pamwamba pa kamlatho. A dalaivala akuti, "Tiwoloka basi, ndinazolowera ine." Kodi inu mungokhala chete?

Yambani mwadziwa muyeso wake. Rula ya mwana wa sukulu ndi yotalika masentimita 30. Theka lake ndi 15. Malire a galimoto yaing'ono ndi theka limeneli, ndiye kuti madzi ongopitirira pang'ono m'akakolo. Komanso akhale madzi odekha, osati othamanga. Mukayang'ana tayala, madzi amize mphira yakuda ya pansi yokha. Akafika pakati pa tayala, ndiye kuti achuluka.

Mwina mukuti, "Madzi ochepa chotere angachite chiyani pa chitsulo cholemera?" Tengani beseni lachitsulo, muliike pa dziwe. Limayandama. Galimoto nayonso ili chimodzimodzi, chifukwa m'kati mwake muli mpweya, m'matayala mulinso mpweya. Madzi akafika masentimita 30, galimoto yaing'ono imayamba kupepuka. Matayala sagwira pansi bwino. Dalaivala akakhota chiwongolero, galimoto simvera. Akaponda buleki, palibe chochitika. Madzi othamanga akafika masentimita 60, kupitirira m'mawondo, amakokolola ngakhale pikapu.

Inu amayi kulemera kwa madzi mumakudziwa pamutu panu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Tsono taganizani ndowa mazanamazana zikukankha galimoto m'mbali nthawi imodzi, osalekeza.

Chinanso ndi injini. Injini imapuma mpweya ngati munthu. Mpweyawo umalowera pa paipi imene ili kutsogolo, ndipo pa galimoto zina paipiyo ili m'munsi ndithu. Dalaivala akalowa m'madzi mothamanga, madzi amatukuka kutsogolo n'kulowa m'paipimo. Mpweya umatheka kufinyidwa, koma madzi safinyika ayi. Zitsulo za m'kati mwa injini zimapindika. Ndalama zokonzera zingathe kumeza fodya wa munda wonse. Chifukwa chake galimoto ikazima ili m'madzi, musayese kuilizanso. Anthu atuluke msanga apite kumtunda. Galimotoyo idzakokedwa madzi akaphwa.

Mitsinje ya kwathu kuno ili ndi khalidwe lake. Yambiri imachokera ku mapiri n'kutsikira ku Bua. Mvula ikagwa ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kamtsinje kamadzaza mwadzidzidzi, ngakhale pamene mwaima inu pali dzuwa. Madzi ake amakhala ofiira, pansi sipaoneka. Malo amene munawoloka bwino dzulo, lero pangakhale dzenje, kapena mbali ina ya kamlatho yagumuka. Koma timitsinje totere sitichedwanso kuphwa. Zikani kamtengo m'mphepete mwa madzi, mukhale pansi, muone ngati madzi akukwera kapena akutsika. Kawirikawiri kudikira maola ochepa kumakwana.

Ngati madzi ndi ochepa ndi odekha, munthu mmodzi ayambe wadutsa ndi ndodo, akuyesa pansi. Ngati iye akudzandira, galimoto isayerekeze. Madzi othamanga a masentimita 15 okha angathe kugwetsa munthu wamkulu. Ngati pali bwino, okwera onse atsike. Dalaivala atsegule mawindo, aike giya yoyamba, ayende pang'onopang'ono pakati pa msewu, osaima ndiponso osasintha giya. Akawoloka aponde buleki pang'ono kangapo akuyenda, kuti mabuleki aume. Mabuleki onyowa sagwira, ndipo kuno zitunda ndi zambiri.

Usiku ndiye ayi ndithu. Nyali za galimoto zimangowala pamwamba pa madzi, sizionetsa kuya kwake.

Nanga a dalaivala aja akaumirira? Iwo akuganiza za mafuta ndi za ulendo wachiwiri, ndipo nthawi zina okwera omwe ndi amene amawakakamiza. Inu lankhulani mwaulemu kuti, "A dalaivala, taimani nditsike." Tsitsani ana ndi okalamba. Ena akakusekani kuti ndinu amantha, asiyeni aseke. Ngati kwada madzi asanaphwe, pemphani malo ogona pa mudzi wapafupi, feteleza mukagule mawa.