Tiwaveke Chiyani Makolo Athu pa Sewero?

Tikamakonza sewero la mbiri yakale pano pa koleji, nkhani ya zovala timaisiyira kumapeto. Tsiku likafika, wina amavala chiguduli, wina chitenje chamaluwa. Zonsezi zimanamiza oonerera. Chiguduli chimapangitsa makolo athu kuoneka ngati analibe luso, pomwe chitenje chosindikizidwa pa makina chinafala mochedwa kwambiri.

Tiyerekeze kuti sewero lathu likuchitikira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ku Machinga, cha m'ma 1880, m'masiku a mfumu Kawinga ya ku phiri la Chikala. Anthu ankavala chiyani?

Choyamba ndi nyanda kapena kuti chiwondo. Imeneyi siiwombedwa ayi. Ankasenda khungwa la mtengo monga mombo, n'kuchotsa chikamba chakunja, kenako n'kulinyika m'madzi ndi kulisula pa chipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Ichi chinali chovala cha anthu wamba.

Chachiwiri ndi machila, nsalu yochindikala ya thonje lolimidwa konkuno, makamaka m'chigwa cha Shire. Mu 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja akupota ndi kuwomba thonje m'midzi yawo. Owomba, omwe ambiri anali amuna, ankakhoma zikhomo pansi n'kukunga ulusi m'litali. Ulusi wopingasa unkadutsa pamwamba pa umodzi, pansi pa wotsatira, mpaka kumapeto. Popeza ulusiwo unali wopota pamanja, nsaluyo sinkasalala.

Chachitatu ndi nsalu zomwe amalonda a Chiyao ankabwera nazo kuchokera kugombe, monga ku Kilwa, atasinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Merikani inali yoyererako, yochokera ku America, ndipo kaniki inali yabuluu woderako, yochokera ku India. Kukhala ndi nsalu zambiri zoterezi kunkasonyeza chuma ndi mphamvu.

Choncho tisanagule kalikonse, tidzifunse mafunso awiri: seweroli likuchitika chaka chanji, ndipo munthuyu ndi ndani pamudzi? Mfumu ndi wamalonda tiwaveke nsalu yoyera ndi yabuluu yopanda maluwa. Nsalu yathonje yokhuthala, yosapakidwa utoto, ingaimire machila. Tiimange m'chiuno kapena pachifuwa osaisoka. Za nyanda, tifunse agogo kumudzi pa tchuthi, koma tisapite kukasenda mitengo yamoyo. Nthambi ya mtengo wogwetsedwa kumene ingakwane.