Atsiriza Giredi 12: Kodi Ana Athu Aloza Kuti?

Sabata imene mayeso a Giredi 12 anatha, njira za kumidzi kwathu zinadzaza ndi mabokosi acitsulo. Ena anamangidwa pa njinga, ena anakwezedwa m'ngolo pamodzi ndi matumba a fataleza, pakuti nthawi yobzala inali itafika ndipo ng'ombe zinali ndi nchito ziwiri tsiku limodzi. M'mabokosiwo munali mayunifomu otha m'khosi, makope olembedwa mpaka pacikuto, ndi mbale imene mwana wadyeramo nsima ya nyemba kwa zaka zitatu. Eni ake anali kutsatira pambuyo, akuseka mokweza monga anthu amene atula katundu wolemera. Koma pofika pakhomo, aliyense anapeza makolo akumuyembekezera ndi funso limodzi: tsopano uloza kuti?

Gulu limeneli lili ndi mbiri yakeyake. Analowa Giredi 10 mu 2022, caka cimene Boma linacotsa malipiro a maphunziro m'sukulu zake mpaka Giredi 12. Ambiri amene akanakhala pakhomo cifukwa cosowa ndalama anapeza malo m'kalasi, ngakhale kuti makalasiwo anadzaza kwambiri. Atsiriza mu 2024, caka cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima kwa maola ambiri, ndipo ana awa anakonzekera mayeso ndi nyali za dzuwa pamene kunyumba nkhokwe inali yopanda kanthu.

Tinakhala pansi ndi anayi mwa iwo, onse ana kapena adzukulu a alimi anzathu. Maina awo tawasunga, pakuti si bwino kuika mwana pambalambanda zotuluka za mayeso zisanabwere.

Woyamba ndi mtsikana wolankhula pang'onopang'ono, amene anali mtsogoleri wa atsikana pa sukulu yake yogonera komweko. Sanali wokalipa, koma akalowa m'cipinda phokoso linali kutha. Mnzake akadwala usiku, ndiye anali kudzutsa amayi oyang'anira atsikana ndi kuperekeza wodwalayo ku cipatala, ndipo m'maulendo amenewo ndimo munabadwira cifuniro cake cokhala namwino. Maso ake ali pa sukulu ya anamwino ya pa cipatala ca St Francis ku Katete. Adziwa kuti ofuna malo ndi ambiri, motero wakonzeratu njira yaciwiri: uphunzitsi pa Chipata College of Education. Cimene cimamusowetsa tulo ndi ndalama, pakuti nshawa zimene atate ake anali kudalira zinapsa ndi dzuwa.

Waciwiri ndi mnyamata wa manja osakhazikika. Pamene tinali kuceza anali kumasula ndi kumanganso cosinthira madzi ca pampu. Ku sukulu anali m'kalabu ya JETS, ya ana okonda sayansi ndi zopangapanga, ndipo anapanga coumitsira ndiwo za mfutso ndi matabwa otsala, nsalu ya neti ndi pulasitiki, kuti ndiwo ziume popanda fumbi ndi nchenche. Alakalaka uinjiniya pa Copperbelt University ku Kitwe, kapena maphunziro a makina a ulimi pa Natural Resources Development College ku Lusaka. Masamu ndi sayansi samuopsa. Cimene cimamuopsa ndi Cingerezi, ndipo anavomera yekha kuti anali kuthawa maphunziro ake poganiza kuti sipanala silankhula cinenero. Tsopano wadziwa kuti phunziro limodzi limenelo likhoza kumutsekera khomo.

Wacitatu ndi wamkulu pa onse ndi zaka ziwiri, cifukwa anaima sukulu atakhala ndi pakati. Anabwerera m'kalasi mwana atasiya kuyamwa, potsatira lamulo la mu 1997 lolola atsikana otere kupitiriza maphunziro, ndipo agogo ake ndiwo analera khandalo. Anapirira mau onyoza, nasankha kukhala nthawi yake yopuma ku khola la nkhuku za sukulu, kumene anapatsidwa buku lolembamo ndalama za cakudya ca nkhuku ndi za mazira ogulitsidwa. M'bukumo anapeza luso lake. Afuna kukaphunzira pa Katete College of Agricultural Marketing, ndipo cifukwa cake n'coonekeratu: caka ndi caka waona amake akugulitsa soya pa meda kwa ogula oyenda m'midzi, osadziwa mtengo wa kumsika waukulu, osadziwanso ngati sikelo inena zoona.

Wacinayi ndi wanthabwala, goloboyi wa timu ya sukulu ndiponso woimba ng'oma m'gulu la magule ndi masewero. Iye anatiuza mosabisa kuti sayembekeza kukhoza bwino kofika ku koleji. Pempho lake kwa atate ake ndi malima awiri a munda, ndiko kuti theka la hekitala, ndi kagawo ka dimba. Afunanso kukaphunzira kumanga nyumba pa Chipata Trades Training Institute, kuti m'cilimwe azigwira nchito ya njerwa, m'dzinja azilima. Atate ake sanayankhe. Akuti acita manyazi kuti mwana amene anagona ku sukulu zaka zitatu abwerere ku khasu.

Pa mau amenewa tifuna kuimapo pang'ono, pakuti manyazi omwewo ali mwa ambiri a ife. Timauza ana kuti akapanda kulimbikira sukulu adzakhala alimi, monga kuti ulimi ndi cilango, pamene ndalama zimene zinawagulira nsapato ndi makope zinacokera m'munda momwemo. Mnyamata wodziwa kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala, kuwerengera phindu la lima imodzi ndi kusunga buku la ndalama, maphunziro ake awagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Amene tiyenera kumudera nkhawa ndi uja wokhala pa golosale kuyambira m'mawa, akuyembekeza nchito ya mu ofesi imene sanaifunsire n'komwe.

Makomo amene alipo

Bungwe la Examinations Council of Zambia limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, ndipo kufikira pa 6 mwana amakhala ndi kirediti. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa, motero kucepa kwa mapointi ndiko kukhoza kwake. Mayunivesite ndi makoleji ambiri amafuna makirediti asanu, kuphatikizapo Cingerezi, ndipo maphunziro a sayansi, unamwino ndi ulimi amafunanso masamu ndi sayansi. Amene waperewera pa phunziro limodzi kapena awiri angathe kulembanso pa mayeso a GCE. Si mlandu kulemba kawiri.

Ana ambiri amadziwa unamwino, uphunzitsi ndi usilikali cabe, cifukwa ndizo nchito zimene amaziona ndi maso. Komatu makomo a ulimi ndi ambiri. University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi sukulu ya zaulimi ndi ya madokotala a ziweto. Zambia College of Agriculture ili ku Monze ndi ku Mpika. Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka imaphunzitsa za umoyo wa ziweto, Kasaka pafupi ndi Kafue imaphunzitsa za nsomba, ndipo koleji ya ku Mwekera pafupi ndi Kitwe imaphunzitsa za nkhalango. Ambiri mwa alangizi amene amafika m'minda yathu anadzera m'makomo amenewa. Pakamveka dzina la koleji yacilendo, kholo lifufuze ngati inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority lisanagulitse mbuzi. Safunsa anadya phula, ndipo cikalata ca koleji yosalembetsedwa sicitsegula khomo lililonse.

Nkhani ya ndalama

Maphunziro aulere amathera pa Giredi 12. Kucokera apo pali njira ziwiri za Boma zimene kholo lililonse liyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi nkhongole ya Higher Education Loans and Scholarships Board, ya ophunzira m'mayunivesite a Boma. Imeneyi ndi nkhongole ndithu, yobweza mwana akatsiriza, ndipo si onse ofunsira amene amalandira. Yaciwiri ndi thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Gawo lake limalipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wodi. Njira zonse ziwiri zimafuna zikalata: citupa ca NRC, cimene mwana amatenga akakwanitsa zaka 16, zotuluka za mayeso, ndi kalata ya koleji imene yamulandira.

Ngakhale thandizo litapezeka, zotsala ndi zambiri: ya basi pa ulendo wa ku Lusaka woposa makilomita 500 kucokera ku Chipata, ya malo ogona, ya cakudya, ya sopo. Walira mvula walira matope. Cifukwa cake banja likhale pansi tsopano, mbewu ikali kumera, ligwirizane kuti ndi munda uti kapena ndi ziweto ziti zimene zidzakhala za sukulu. Ena amalowa cilimba kapena gulu losunga ndalama la m'mudzi ndi colinga cimeneci. Njira imene tiyenera kuipewa ndi kaloba, ndiponso kugulitsa ng'ombe zolimira, pakuti amene wagulitsa zimenezo walipira caka cimodzi n'kudula miyendo ya zaka zotsala.

Miyezi yoyembekeza

Zotuluka za mayeso zimabwera kuciyambi kwa caka, ndipo ambiri amakhala pakhomo miyezi yoculuka, ena caka cathunthu, asanalowe koleji. Nthawi imeneyi ndiyo imataya ana ambiri: mowa, njuga za pa foni, ndi maukwati ofulumira. Mankhwala ake tili nawo m'manja. Mwana apatsidwe lima yakeyake kapena nkhuku zakezake, alembe yekha zolowa ndi zotuluka, ndipo phindu likhale poyambira pa ndalama zake za koleji. Amene analima yekha ndalama ya basi saisewera nayo akafika m'tauni.

Pamene tinali kutsazikana, anayi aja anali atayamba kale kukangana za nchito. Wa mapampu analonjeza kukonzera wanthabwala pampu ya m'dimba, ndipo wa buku la nkhuku ananena kuti iye ndiye adzasunga ndalama za tomato, pakuti sakhulupirira aliyense wa awiriwo. Wofuna unamwino anangomwetulira, nafunsa tsiku limene mafomu a CDF adzayamba kuperekedwa m'wodi yawo. Atate a wanthabwala uja akali kuganiza za malima awiri aja, ndipo mvula siyembekeza munthu.