Mapilisi a calcium satalikitsa mwana

Mukaloŵa mu chemist mu town mupeza mabotolo a calcium pa shelefu, ndipo makolo ena amene ndimakwera nao minibus amakhulupirira kuti mwana wamfupi akamwa adzatalika. Mtengo wake si wamaseŵera, ni ndalama ya ndiwo.

Calcium imalimbitsa mafupa, ico n'coona. Koma kutalika ni nkhani ina. Ku Gambia, ofufuza anapatsa ana a zaka 8 mpaka 12 mapilisi aya kwa caka cimodzi, n'kuwatsatira mpaka atakula. Zimene anapeza zinandidabwitsa: anyamata amene anamwa anayamba kukula msanga, analekanso msanga, ndipo pomaliza anali afupi ndi masentimita pafupifupi 3.5 kuposa anzao amene sanamwe.

Kuno kwathu vuto ni lina. Kafukufuku wa ZDHS wa 2018 anaonetsa kuti ana 35 pa 100 osafika zaka 5 ni opinimbira. Izi zimayambira m'masiku 1,000 oyamba, kucokera pa mimba mpaka zaka ziŵiri: mai wosadya mokwanira, phala lamadzi la ufa cabe, kutsegula m'mimba kaŵirikaŵiri. Botolo logula mwana ali grade 5 silingabweze nthawi imeneyo. Cinanso ni mtundu. Ngati atate na amai ni afupi, osamuvutitsa mwana.

Manje ngati ni calcium mufuna, ili pa Soweto Market. Kapenta timadya na minga yake yomwe. Sinjani, muike m'phala pamodzi na nshawa. Koma mukaona miyendo ya mwana ikupindika, tengani kadi yake ya sikelo mupite naye ku clinic.