Kapaipi ka Pakhosi ndi Ntchito ya Anamwino

Anthu ambiri akapita kuchipatala kukazonda mbale wao nampeza ali ndi kapaipi pakhosi, amagwidwa ndi mantha, nayesa kuti ali pafupi kufa. Sikuli tero ai. Kapaipiko ndiko kakusunga moyo wake.

Mpweya umene tipuma umalowa m'mphuno, nudzera pa kholingo, nufika m'mapapo. Njira imeneyi ikatsekeka chifukwa cha chotupa kapena kuvulala, kapenanso wodwala akakhala masiku ambiri pa makina opumira, dokotala amaboola kutsogolo kwa khosi, kunsi kwa kholingo, naikapo kapaipi kuti mpweya uzilowera pomwepo. Madokotala amatcha ntchito imeneyi tracheostomy.

Tsono mphuno ndiyo imasefa fumbi ndi kunyowetsa mpweya. Popeza mpweya sudzeranso m'mphuno, makhololo amauma, ndipo angathe kutseka kapaipiko. Apa ndipo pali ntchito ya namwino. Usana ndi usiku amayang'anira kapumidwe ka wodwala. Makhololo akachuluka amawakoka ndi makina, koma sapitirira masekondi 15 ulendo umodzi, pakuti makinawo amakokanso mpweya. Amatsuka kapaipi ka m'kati, napukuta bala kuti lisaole. Posintha zingwe zomangira kapaipiko m'khosi pamafunika anthu awiri, wina kugwira, wina kumanga. Pafupi ndi bedi pamakhala kapaipi kena kodikira ngati koyambako katatuluka.

Poyamba wodwala wotere satha kulankhula, chifukwa mpweya sufika pamene pachokera mau. Nzeru zake zili bwinobwino. Namwino amampatsa pepala ndi pensulo, kapena amamvana naye ndi manja.

Inu odikirira wodwala, thandizani namwino motere. Musatseke kapaipi ndi bulangete, musakagwire, ndipo madzi asalowemo pomsambitsa. Musampatse phala kapena madzi akumwa musanafunse, pakuti angatsamwidwe. Mukamva kulira kwachilendo m'kapaipi, kapena mukaona kuti akubanika, thamangani kaitaneni namwino nthawi yomweyo, ngakhale ndi pakati pa usiku. Mphindi zowerengeka zokha ndizo zilekanitsa moyo ndi imfa.

Ambiri akachira dokotala amachotsa kapaipiko, bala limatsekeka lokha, ndipo amalankhulanso. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga, fotokozerani anzanu m'midzi mau awa.