Musanasonkhere bolodi lamagetsi, funsani zimene mphunzitsi wapeza

Mayi wina anabwera ndi mwana wake wa Sitandade 4 m'chipinda chimene ndimapimiramo odwala. Mwanayo sankamva mutu, thupi silinatenthe. Dandaulo la mayiyo linali lakuti mwana wabwerera m'mbuyo m'kalasi, chonsecho makolo anali atangosonkha ndalama zogulira bolodi lamagetsi pasukulu yake yolipira. Anzake amafika kunyumba akusimba za zithunzi zoyenda, iye amabwera ndi kope lopanda kanthu.

Nditamuimika mamita 6 kuchokera pa tchati choyezera maso, anangotha mizere iwiri yapamwamba. Zakutali sankaziona bwino, ndipo m'kalasi ankakhala kumbuyo. Bolodi linali lodula ndithu, koma panalibe amene anafufuza ngati ana onse akupindula nalo.

Inu makolo, komanso inu amene mumadzipereka pa ntchito zaumoyo m'mudzi, nkhani yotere ikukukhudzani. Makina akulowa m'makalasi, ndipo mawa kapena mkuja mudzafunsidwa kuvomereza kapena kusonkha. Kodi mudzadziwa bwanji kuti chinthucho chikuthandizadi mwana wanu?

Bolodi lamagetsi n'chiyani?

Ndi bolodi lalikulu lolumikizidwa ku kompyuta. Zimene zili pa kompyuta zimaoneka pa bolodipo, ndipo mphunzitsi kapena mwana amatha kulemba, kufufuta ndi kusuntha zithunzi pogwiritsa ntchito chala kapena cholembera chake. Kampani ya SMART Technologies ya ku Canada inatulutsa bolodi lotere m'chaka cha 1991. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma la Britain linaika ndalama zankhaninkhani pogulira sukulu za ku England mabolodiwa, moti m'zaka zochepa choko chinasowa m'makalasi ambiri. N'chifukwa chake zambiri zimene tikudziwa lero zinachokera kumeneko.

Zimene anapeza kumene anayamba kale

Akatswiri a pa yunivesite ya Newcastle, motsogozedwa ndi Steve Higgins, anatsatira sukulu za pulayimale zimene zinalandira mabolodiwa n'kuziyerekeza ndi zimene sizinalandire. Lipoti lawo linatuluka mu 2005. Aphunzitsi ndi ana anawakonda kwambiri mabolodiwo, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti maphunziro akwera. Koma zotsatira za mayeso zinanena zina. Chaka choyamba panali kukwera pang'ono, chaka chachiwiri kusiyana kuja kunazimiririka. Anaonanso kuti phunziro linkathamanga ndipo mafunso ankachuluka. Mu 2007 kafukufuku wina m'sukulu za sekondale za ku London sanapeze umboni wakuti mabolodi akweza zotsatira za mayeso, ndipo anaona kuti chidwi cha ana pa chinthu chatsopanocho sichinkakhalitsa.

Ku Peru nako, boma linagawira ana makompyuta ang'onoang'ono. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012, wochitika m'sukulu 319 za kumidzi, anapeza kuti patatha miyezi 15 ana sanasinthe pa masamu ndi pa chiyankhulo.

Sikuti makina ndi achabe. Ku Lilongwe konkuno, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayesa pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa yopangidwa ndi bungwe la onebillion. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 anawagawa m'magulu atatu: ena ankachita masamu pa tabuleti mphindi 30 tsiku lililonse kwa masabata 8, ena ankagwira tabuleti yomweyo koma yopanda masamu, ena ankaphunzira mwa nthawi zonse. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2015 zinaonetsa kuti gulu loyambalo linapindula kuposa enawo. Taonani nzeru ya gulu lachiwirilo: linathandiza kusiyanitsa chisangalalo chogwira makina ndi phunziro limene lili m'makinamo. Ndondomeko ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 kupereka matabuleti otchajidwa ndi dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ikuyenda m'njira imene inayamba yayesedwa chotere.

Ife kuchipatala timadziwa kuti wodwala akhoza kumva bwino atangobayidwa jakisoni ngakhale mankhwalawo asanayambe kugwira. Ndiye sitiweruza mankhwala ndi kumwetulira kwa wodwala. Timayeza asanamwe, timayezanso atamwa, n'kuyerekeza ndi amene sanamwe. Makina a m'kalasi ayenera kudutsa pakhomo lomwelo.

Chifukwa chiyani mphunzitsi afufuze yekha?

Kafukufuku wa akatswiri amanena zimene zimachitika m'sukulu zambiri akaziphatikiza pamodzi. Sanganene zimene zikuchitika m'kalasi la mwana wanu, mmene muli ana oposa 80, magetsi akuzimazima, ndipo dzuwa la m'mawa limalowera pawindo n'kuwalira pa bolodi. Wodziwa zimenezi ndi mphunzitsi.

Maganizo akuti mphunzitsi akhale wofufuza ntchito yake si alero. Lawrence Stenhouse wa ku Britain anawalimbikitsa m'zaka za m'ma 1970. Ku Japan aphunzitsi akhala akukonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuphunzitsa anzake akuonerera mmene ana akumvera, kenaka n'kukambirana zoti akonze. Anzathu a ku Zambia anatengera njira imeneyi kuyambira mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA.

Kafukufuku wa mphunzitsi safuna ndalama zambiri. Amafuna kope, cholembera ndi kuona mtima. Choyamba mphunzitsi asankhe funso limodzi laling'ono, mwachitsanzo: kodi bolodi lamagetsi likuthandiza ana kumvetsa kugawa nambala? Apereke mayeso aafupi asanayambe mutuwo. Ngati Sitandade 4 ili ndi makalasi awiri, A iphunzire ndi bolodi lamagetsi, B iphunzire ndi choko, nthawi yofanana. Pa mutu wotsatira asinthane, kuti pasakhale ana omanidwa. Akamaliza apereke mayeso ena, ndipo patatha mwezi awabwerezenso, chifukwa chimene tikufuna si kukumbukira kwa tsiku limodzi.

Pakatipo mphunzitsi mnzake akhale kumbuyo n'kumalemba zimene wophunzitsayo sangazione: ndi ana angati amene ayankha, atsikana angati, a kumbuyo angati, amene afika pa bolodi kukagwira ndi angati, ndipo ndi mphindi zingati zatayika polumikiza mawaya kapena podikira magetsi. Zotsatira azipite nazo ku msonkhano wa aphunzitsi a m'zoni, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kafukufuku wotere ali ndi malire ake. Makalasi awiri ndi ochepa, ndipo mphunzitsi amene walikonda bolodi akhoza kulimbikira kwambiri tsiku limene akuligwiritsa ntchito osazindikira. N'chifukwa chake pamafunika diso la mnzake, komanso kubwereza. Mutu umodzi susenza denga. Komabe umboni wochepa wa m'kalasi lenileni umaposa mawu okoma a wogulitsa makina.

Mbali ya thanzi imene imaiwalika

Mwana amene saona kapena kumva bwino amasokoneza zotsatira zonse, ndipo iyeyo ndiye amavutika. Musanaweruze bolodi, yezani ana. Mwana wotsinzinira maso poyang'ana kutali, wokopera mnzake m'malo moyang'ana kutsogolo, wodandaula mutu akaweruka, kapena wotuluka mafinya m'khutu, mupite naye kuchipatala. Inu odzipereka pa zaumoyo mukhoza kugwirizana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti ana ayezedwe maso kumayambiriro kwa chaka. Tchati cha chilembo E chimagwira ntchito ngakhale kwa mwana amene sanadziwe kuwerenga, chifukwa amangoloza kumene miyendo ya chilembocho yayang'ana.

Mabolodi ena amagwira ntchito ndi makina oponya kuwala. Mwana akaima kutsogolo asayang'ane mwachindunji m'kuwalako, aziufulatira. Kalasi likatsekedwa mawindo kuti zithunzi zioneke bwino, mpweya umachepa, kutentha kumakwera, ndipo chifuwa ndi chimfine zimafala mosavuta. Mphunzitsi alembenso zimenezi m'kope lake.

Kuyang'anitsitsa chinthu chapafupi monga tabuleti nthawi yaitali kumatopetsa maso, chifukwa munthu amaphethira mochepa. Patatha mphindi 20 zilizonse, mwana ayang'ane kutali kwa kanthawi. Ndipo musamumane kusewera panja. Kafukufuku wa ku maiko a kum'mawa kwa Asia waonetsa kuti kukhala panja masana kumachepetsa chiopsezo chakuti mwana ayambe kusaona zakutali, moti kuyambira mu 2010 sukulu za ku Taiwan zimalimbikitsidwa kutulutsa ana panja mphindi 120 pa tsiku. Kwa ana a kumkaka, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku atakhala pansi akuonera kanema kapena foni, ndipo wosafika zaka 2 asapatsidwe n'komwe.

Mafunso oti mupite nawo ku msonkhano

Komiti ya sukulu ikadzabweretsa nkhani yogula makina, musaope kuimika dzanja. Funsani kuti vuto limene akufuna kuthetsa ndi liti: kuwerenga, masamu kapena kujomba? Aphunzitsi aphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo adzapatsidwa nthawi yokonzekera? Makinawo akawonongeka adzakonza ndani, ndi ndalama ziti? Magetsi akazima phunziro lidzayenda bwanji? Ndalama yomweyo ikanagula mabuku, madesiki kapena kukonza zimbudzi za atsikana, phindu lalikulu likanakhala kuti? Pomaliza pemphani kuti pakutha pa teremu mphunzitsi adzakuuzeni zimene wapeza, ndi manambala ake.

Ngati pasukulu panu makina alipo kale, mafunso omwewa akugwirabe ntchito. Mufunseni mwana wanu madzulo ano kuti amakhala mzere uti, amaona bwino zolembedwa, ndipo anagwirapo bolodilo kangati sabata ino.

Mwana ndinayamba naye uja tinamutumiza kwa a maso, analandira magalasi, ndipo mphunzitsi wake anamusamutsira kutsogolo. Mayi ake atabweranso ndi kamwana kena ku sikelo anandipeza pakhonde n'kundiuza kuti kope lija layamba kudzaza. Anawonjezera kuti mphunzitsiyo, atamva nkhaniyi, analemba mawu pa bolodi n'kuitana ana onse a mzere wakumbuyo mmodzimmodzi kuti awerenge. Anapezamo enanso oyenera kukayezedwa.