Kadziwotche kamene kakumaliza tomato m'madimba a ku Salima

Mukagula mulu wa tomato pa Kamuzu Road, n'kupeza wina ali ndi kabowo kakuda pafupi ndi phesi, musathamangire kunena kuti mayi wogulitsa wakupusitsani. Wolakwa ndi kadziwotche kotchedwa Tuta absoluta, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Kutalika kwake ndi mamilimita 6 kapena 7 basi. Ndi kotuwa, mapiko ake ali ndi timadontho takuda, ndipo kumutu kali ndi tinyanga tiwiri tatitali ngati ulusi. Masana simungakaone, kamabisala m'masamba. Dzuwa likalowa, nthawi imene asodzi a ku Senga Bay akukonza nyali zawo, nako kamayamba ntchito.

Kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ku Zambia mu 2016, ndipo lero kali m'madimba athu.

Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 200, makamaka kunsi kwa masamba. Pakapita masiku ochepa mumatuluka timbozi, timene timaboola tsamba n'kulowa m'kati. Timadya mnofu wobiriwira, n'kusiya khungu loyera ngati pepala, kenako timalowa mu tomato weniweniyo. Tikakhuta, tambiri timatsikira m'dothi, timagona, n'kudzatuluka tili ndi mapiko.

Apa ndiye pali nkhani kwa ife a kunyanja. Kumalo ozizira, ulendo wochoka pa dzira kufika pa kadziwotche umatenga miyezi iwiri kapena kuposa. Kotentha ngati ku Chipoka ndi ku Lifuwu sutenga n'komwe mwezi. Ndiye kuti dimba limodzi limadyetsa agogo, ana ndi zidzukulu.

Mlimi akaona masamba akuuma amangowonjezera mankhwala. Koma kambozi kali m'kati mwa tsamba, mankhwala ambiri sakafikira, ndipo kachilomboka kamazolowera msanga mankhwala amene akubwerezedwa. Ndalama zapita, mankhwalawo atsalira pa tomato amene mawa tithira mu usipa.

Achinyamata amene mwayamba ulimi wa m'dimba, yenderani mbewu zanu m'mawa uliwonse, mutembenuze masamba. Odwala thotholani, muwakwirire mozama. Mukakolola musasiye mapesi m'munda. Musabzale tomato, mabiringanya kapena mbatatesi pamalo amodzimodzi motsatizana, zonsezi ndi chakudya chake. Usiku ikani nyali pamwamba pa beseni la madzi a sopo, kena kadzagweramo, paja ndi kadziwotche. Za mankhwala, funsani alangizi musanagule.